Botolo Limodzi ndi Theka pa Malita Asanu

Ku Bua, zaka zisanu ndi zitatu zoyamba

Ana anga, za ubwana wanga munazimva kale kwa azakhali anu, ndipo iwo amazikamba bwino kuposa ine. Ine ndiyambira pa ntchito. Ndinali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri pamene ndinalembedwa pa kagalaja ka a Nyirenda, pafupi ndi pamene Bua amathira m'nyanja. Galaja lake linali la malata anayi ndi mgolo wodula pakati, momwe tinkaviikamo injini za maboti poziyesa. A Nyirenda anachokera kumpoto ali mnyamata, koma Chichewa chawo sichinasiye kamvekedwe ka Chitonga mpaka imvi. Anali Mkhristu wolimba, komabe Lachisanu lililonse dzuwa likafika paliwombo ankandilanda sipanala m'manja n'kunena kuti, "Yusufu, pita ukaswali, injini sithawa."

Iwowa ndi amene anandiphunzitsa za injini ya thusitiroko. Injini imeneyi ilibe posungira oilo pansi monga ya galimoto. Oilo wake umamuthira mu petulo momwemo, ndipo amayenda limodzi mpaka kukanyowetsa pisitoni. Ukamuchulutsa, injini imafuka ngati nkhuni zaziwisi, pulagi imada, mphamvu imatha. Ukamuchepetsa, chitsulo chimakhulana ndi chitsulo, kenako pisitoni imakakamira m'kati osasunthanso. Amakaniko timati injini yagwira. Muyeso wa a Nyirenda unali kabotolo ka mankhwala a chifuwa, kamene kamalowa mamililita zana limodzi. Kabotolo kamodzi pa chigubu cha malita asanu, ndiye kuti magawo makumi asanu a petulo pa gawo limodzi la oilo, omwe tonse timangoti fifite. Asodzi onse a pa Bua ankayendera muyeso umenewo, ndipo injini zawo zinkakalamba bwinobwino. Anandiphunzitsanso kuwerenga pulagi. "Ikaoneka ngati tiyi wamkaka, injini yakondwa. Ikada, waidyetsa mopitirira. Ikayera ngati phulusa, yamba kulira maliro."

A Nyirenda atabwerera kwawo chifukwa cha maso, ndinayenda m'malo ambiri. Ndinakonzapo mapampu a m'madimba a mpunga, njinga zamoto, makina ochekera matabwa. Ndinakwatira amayi anu, inu munabadwa. Za zaka zimenezo ndilibe zambiri zonena, kupatula kuti muyeso wa fifite unandikhala m'dzanja, moti ndinkathira osaganiza.

Ku Dwangwa, chaka choyamba

Ndinali nditapitirira zaka makumi asanu pamene bungwe lina la zaumoyo linandilemba kukhala makaniko wawo ku Dwangwa. Bungwelo linagawa njinga zakapalasa khumi ndi zinayi m'midzi ya pakati pa Dwangwa ndi Bua. Njinga iliyonse inali ndi kainjini kakang'ono komangirira pakati pa felemu, kathanki ka malita awiri pamwamba, tcheni chachiwiri chopita ku gudumu lam'mbuyo, ndi ngolo yokhala ndi matiresi ndi kadenga ka tenti, yonyamulira odwala ndi amayi oyembekezera. Oyendetsa anali anthu odzipereka a m'midzi momwemo. Ntchito yanga inali kumanga injinizo, kuzisamala, ndi kusakaniza mafuta amene oyendetsawo ankabwera kudzatenga m'zigubu.

Bwana wanga anali Mayi Gondwe, amene kale anali namwino. Anali munthu wamfupi, wolankhula mofulumira, wosakonda kumva mawu akuti sizitheka. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "A Yusufu, ine za injini sindidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti mayi akayamba kutaya magazi, ola limodzi ndi lalitali. Njinga izi zisagone."

Injinizo zinabwera m'makatoni ndi kapepala ka Chingerezi chosokonekera. Kapepalako kankati injini yatsopano izimwa oilo wambiri, pafupifupi mabotolo atatu pa malita asanu, ndipo ikazolowera, mabotolo awiri. Ine ndinaseka. Ndinati amene analemba izi akufuna kutigulitsa oilo basi. Zaka zonse zija ndikuthira botolo limodzi, lero andiuze zotani? Njinga yoyamba nditaimanga, ndinathira fifite wanga, n'kukwera ndekha kuti ndiyese. Inayenda mokoma pa tala, yopanda utsi, anthu a pamsika akundiimbira miluzu. Nditakhotera m'njira ya mchenga yolowera kuseri kwa minda ya nzimbe, ndinamva kalikokoliko kachilendo, mphamvu inatsika, kenako gudumu lam'mbuyo linangoti gwa! Ndinauluka pamwamba pa mahandulo n'kukagwera m'ngalande. Pulagi nditaimasula inali yoyera mbee.

Ndinakankha njingayo kubwerera ku ofesi, bondo likutuluka magazi. M'njira monse ndinkadzifunsa kuti ndalakwitsa pati, ndipo yankho linandifikira ndisanafike. Injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja amene amazungulira m'kati mwake. Kainjini ka njinga kamangodalira mphepo, ndipo mu mchenga, kakukoka katundu pang'onopang'ono, mphepo kulibe. Ndinauza Mayi Gondwe zoona zokhazokha, kuti ndapha injini yatsopano chifukwa cha kudzimva. Iwo anangoti, "Bola yakugwetsani inu, m'ngolo mulibe munthu. Pitani mukatsukitse bondolo." Sananenenso kanthu za nkhaniyo. Kuyambira tsiku limenelo muyeso wanga unali mabotolo awiri pa chigubu, ndipo kwa zaka zitatu palibe injini ina imene inagwira. Zinkafuka, inde. Oyendetsa ankadandaula kuti malaya akununkha utsi, ndipo mwezi uliwonse ndinkapala mwaye mu ekizozi. Koma zinkafika.

Disembala wa chaka chachinayi

Mukukumbukira zaka zimene zinthu zochokera kunja zinkasowa m'masitolo, magalimoto akugona pa mizere ya petulo. Petulo ife tinali naye pang'ono, chifukwa bungwe linasunga migolo iwiri. Chimene chinatha ndi oilo wa thusitiroko. Ndinayenda m'masitolo onse a pa Dwangwa, ndinakwera minibasi mpaka ku boma, ndinabwerako chimanjamanja. Pamsika ankagulitsa oilo wa m'mabotolo a zakumwa, koma ukamupaka pa zala unkamva mchenga: anali oilo wakutha wa kuchigayo, wosefa ndi nsalu. Pamapeto pake Mayi Gondwe anapeza katoni imodzi kwa munthu wina wa maboti, ndipo a ku likulu la bungwe anatiuza kuti tisayembekezere ina mpaka mvula itatha.

Anandiitana mu ofesi, katoniyo ili patebulo. Ananyamula botolo limodzi n'kundionetsa pamene panalembedwa 50:1.

"Ndawerengera," anatero. "Tikatsatira zimene alemba apa, njinga zonse khumi ndi zinayi zifika mwezi wa Epulo. Tikatsatira muyeso wanu, oilo atha pakati pa dzinja. Ndiye muthira botolo limodzi."

"Mayi, amene analemba apo ankaganiza za boti. Oiloyu ndi wabwino, sindikukana, koma tiinjini tathu titentha."

"Ija inagwira inali yatsopano, yosazolowera, ndipo oilo wake sanali uyu."

"N'zoona, mayi."

"Ndiye mukudziwa bwanji kuti izi zigwira?"

Sindinkadziwa. Ndinali ndi mantha chabe ndi chipsera pabondo. Koma ndinkadziwanso kuti injini ikagwira ilibe chenjezo lokwanira, ndipo zida zake kunalibe m'dziko muno nthawi imeneyo. Ndinawapempha masiku atatu. Anandipatsa awiri.

Ndinatenga njinga yapadera imene inkakhala pa galaja, ndinaika matumba awiri a mchenga m'ngolo kuti alemere ngati munthu wamkulu ndi womuperekeza, n'kupita m'njira ija inandigwetsa. Ndinayamba ndi mabotolo awiri, kenako kumachepetsa pang'onopang'ono ndi jekeseni yopanda singano imene anamwino anandipatsa. Ndikayenda makilomita atatu ndinkaima, kumasula pulagi ndi chiguduli, kuyang'ana, kumvetsera. Alimi a nzimbe ankandiona ndikupita ndi kubwera ndi mchenga wogona pa matiresi, ndipo mayi wina anandifunsa ngati wodwala wangayo akupezako bwino. Pa botolo limodzi ndi theka injini inkayenda bwino, pulagi ili yofiirira. Nditatsika kupitirira pamenepo, pa chitunda cha mchenga ndinamva kalikokoliko kaja, ndipo malovu nditalavulira pa mutu wa injini anauma asanatere n'komwe. Ndinazimitsa pomwepo. Fifite sindinamuyese. Sindinafune kupha injini yachiwiri kuti ndipambane mkangano.

Botolo limodzi ndi theka linkatanthauza kuti oilo akwanira njinga zisanu ndi zinayi. Zisanu ziime.

Mayi Gondwe atamva, nkhope inasintha. "Midzi isanu ikhale yopanda injini dzinja lonse, nthawi ya malungo? A Yusufu, ine ndinalandirapo mayi amene anamunyamula pa machira kuchokera kutali. Tinkati tikumutsitsa, ali wozizira kale. Inu mukuteteza zitsulo."

"Mayi, njinga yovula tcheni cha injini imapalasika. Imachedwa, koma imafika. Injini ikagwira pakati pa dambo, gudumu limakana, ndipo woyendetsa alibe zida zoti amasulire. Ndipo ikafa lero, chaka chamawa mudzi umenewo ulibe injini mpaka kalekale."

"Ndikakulamulani?"

Ndinaganiza za inu. Iwe Mariamu unali fomu fili, Idrissa anali atangoyamba kosi yake, ndipo munthu wa zaka zanga sapeza ntchito ina msanga. Ndinati, "Mukandilamula, makiyi a galaja ndi awa. Apezeke wina athire. Ine dzanja langa silithira."

Makiyiwo sanawatenge. Anandiuza kuti andilembera kalata ya chenjezo chifukwa chokana lamulo, ndipo analembadi. Kenako anati, "Popeza mwasankha nokha, midzi isanuyo musankhenso nokha, ndipo mupite nokha mukawauze. Ine sindikutumizirani munthu."

Ndinasankha midzi imene inali pafupi ndi chipatala kapena ndi msewu wa tala. Sizinali zovuta kuwerenga makilomita. Chovuta chinali chakuti umodzi mwa midziyo unali wa amalume anu a Bakali, achimwene awo a amayi anu, ndipo woyendetsa njinga kumeneko anali iwo eni. Mwana wawo Zainabu, msuweni wanu, anali woyembekezera, mimba yoyamba. Kuchokera kwawo kukafika ku chipatala panali makilomita asanu ndi awiri okha, podutsa pa kamlatho ka matabwa. Ndikanawasiyira injini n'kuvula ya mudzi wakutali, aliyense akanadziwa chifukwa chake.

Ndinawapeza akusoka ukonde pakhonde. Atandilonjera, ndinafotokoza zimene ndabwerera. Anaika singano pansi.

"Alamu, Zainabu mwamuona?"

"Ndamuona, alamu."

"Ndiye mwabwera ndi sipanala?"

"Chipatala muli nacho pafupi. Anzanu a kumtunda kwa Bua ali ndi makilomita makumi awiri. Nthawi ikayandikira, mum'pititse akadikirire konko."

"Siyani tchenicho. Oilo ndipeza ndekha kuchigayo."

"N'chifukwa chake ndikuchitenga, pamodzi ndi pulagi."

Sanandiletse. Anangoimirira n'kumandiyang'ana ndikumasula, ndipo nditamaliza anati, "Munthu amene amakonda chitsulo kuposa magazi sindinamuonepo. Lero ndamuona." Sanandiperekeze ngakhale kufika pa mpanda. Kunyumba amayi anu anandipatsa chakudya monga mwa masiku onse, koma kwa miyezi iwiri yathunthu ankangoyankha zimene ndafunsa.

Febuluwale wotsatira

Mvula ya chaka chimenecho inali yambiri. Njinga zisanu ndi zinayi zija zinagwira ntchito yoopsa, makamaka kunyamula ana a malungo. Aliyense akabwera kudzatenga mafuta ndinkamasula pulagi yake ndisanam'patse moni weniweni. Mtima wanga sunakhazikike tsiku ndi limodzi lomwe. Foni ikalira ndinkadzidzimuka.

Lachiwiri lina, cha m'ma teni koloko m'mawa, ndili pa galaja kumata chubu cha njinga ya mudzi wina wakutali, foni inalira. Anali akazi awo a Bakali. Ankalankhula mopuma movutikira, moti poyamba sindinamve. Zainabu matenda anamuyamba masabata atatu nthawi yake isanakwane, ndipo ankataya magazi. A Bakali anamuika m'ngolo n'kuyamba kupalasa, koma atafika pa kamlatho anapeza madzi atakokolola matabwa. Tsopano anali atakhotera njira yozungulira ya kunyanja, ya mchenga wokhawokha, yotalika kawiri.

Kamlathoko sindinakaganizire. Ndinawerenga makilomita m'Disembala, njira zonse zili bwino, osaganiza kuti mvula idzasintha njirazo. Zimenezi ndikuzilemba kuti muzidziwe: pamenepo ndinalakwa ine.

Galimoto ya bungwe inali ku boma. Ndinabwezera chubu chija mothamanga, ndinapopa, ndinadzaza thanki, ndinamangirira chigubu kumbuyo. Mayi Gondwe anatuluka mu ofesi atamva phokoso. Nditawauza mwachidule, sanati ndinanena ine. Anangoti, "Thamangani. Ine ndikukakonzekeretsa a kuchipatala."

Ndinawapeza patadutsa mphindi pafupifupi makumi atatu, pa malo ena a mchenga woyera pakati pa minda ya chinangwa. A Bakali anali atatsika, akukoka njinga ndi mahandulo, amuna awiri akukankha ngolo, magudumu atalowa mpaka m'masipoko. Malaya awo anali onyowa ngati agwera m'madzi. Akazi awo ankayenda pambali atagwira dzanja la Zainabu. Nditasuzumira pansi pa tenti, mwanayo anandiyang'ana, milomo itayera, n'kunena motsitsa kuti, "Ankolo, ndikuzizidwa." Kunja kunali dzuwa lowotcha la pakati pa mvula.

 Ndinamasula ngolo ku njinga ya a Bakali n'kuilumikiza ku yanga, iwo atagwira bawuti, ine ndikumanga. Mayi ake a Zainabu anakwera m'ngolo kuti amugwirizize. Kulemera kwake kunaposa matumba anga a mchenga aja, ndipo ine poyesa ndinkaima makilomita atatu aliwonse. Apa panali makilomita asanu ndi anayi opanda poima. Chigubu chinali kumbuyo, koma oilo wapadera woti ndiwonjezere m'thanki ndinalibe, ndinamusiya pa galaja chifukwa cha phuma. Ndinati Bisimilahi, amuna aja anakankha, injini inalira.

Ulendo umenewo ndimaukumbukira ndi makutu kuposa maso. Ndinkapalasa ndi mphamvu zanga zonse kuti ndithandize injini, uku ndikumvetsera. Kutentha kwake kunkandiwamba m'miyendo kudutsa buluku. A Bakali ankathamanga pambuyo, akukankha ngolo paliponse pamene mchenga wazama, mpaka mpweya unawathera n'kutsalira. Pa chitunda china chachitali liwu la injini linayamba kuuma, ndipo ndinaganiza kuti ndamva kalikokoliko kaja. Mwina kanalipo, mwina anali mantha anga, mpaka lero sindidziwa. Ndinabweza moto pang'ono n'kuimirira pa mapedulo, munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi chimodzi, mawondo akulira. Kumbuyo mayi ake ankangoti, "Zainabu, usagone, mwanawe, usagone, ona tafika," chonsecho tisanafike ndi theka lomwe. Tinakwera chitundacho pa liwiro la munthu woyenda pansi. Titatsetsereka mphepo inawomba injini, liwu lake linabwerera. Kenako ndinaona magalimoto akudutsa pa msewu waukulu wa M5, ndipo gudumu linagunda tala.

Pa chipatala Mayi Gondwe anali pakhomo ndi anamwino awiri ndi machira. Anali atavala magolovesi, ngakhale kuti unamwino anausiya kalekale. Ananyamula Zainabu n'kulowa naye. Ine nditatsika ndinangokhala pansi pomwepo pafupi ndi njinga, imene inkalira tiki, tiki, tiki pozizira.

A Bakali anafika patapita ola, wina atawakweza pa kabaza. Anakhala pa benchi la kutsidya, ine kuno. Nthawi ya swala ya masana inakwana, inadutsa, palibe amene ananyamuka. Cha m'ma fili koloko Mayi Gondwe anatuluka, n'kuima pakati pathu.

"Mwana wamkazi. Ndi wamng'ono, koma akulira bwino. Mayi ake tawaika diripi, magazi asiya. Achira."

A Bakali anaphimba nkhope ndi kofiya yawo. Ine ndinangoti Alihamudulilahi, kenako ndinabwereza, ndinabwerezanso, sindikudziwa kangati.  Mayi Gondwe anabwera kudzakhala pansi pafupi nane, pa simenti, ndi diresi yawo ya ku ofesi.

"Pakanapita theka la ola lina, sindikudziwa," anatero motsitsa kuti a Bakali asamve. "Akanakhala ndi injini yawo akanafika kale."

"Kapena ikanagwira mu mchenga muja, mayi."

"Kapena." Kenako anawonjezera kuti, "Tonse sitidzadziwa, a Yusufu. Tingothokoza."

Zaka zotsatira, mpaka kupuma

Mawa lake ndinayendera midzi ina inayi ija n'kuyang'ana njira zawo ndi maso anga, milatho ndi madambo omwe. Mudzi umodzi ndinaubwezera tcheni, ndipo ndinavula cha mudzi wina umene msewu wake unali utakonzedwa. Kwa a Bakali ndinasiyako njinga imene inanyamula Zainabu mpaka matabwa a kamlatho atabwezeredwa, ndipo eni ake a njingayo ndinawapatsa yapadera ya pa galaja ija nditaikonza. Oilo anatikwanira mpaka mvula inatha, anatsala wosadzaza kapu. Mwa zisanu ndi zinayi zija, imodzi inathyoka lingi ya pisitoni m'Malichi ikubwerera yopanda wodwala. Sindinganene ngati unali muyeso wanga kapena ukalamba wake. Oilo weniweni wa injini zozizira ndi mphepo atayambanso kupezeka, ndinayesanso mwatsopano, ndipo ndinakhazikika pa botolo limodzi ndi theka kwa injini zozolowera, awiri kwa zokalamba ndi za njira zamchenga, atatu kwa zatsopano m'mathanki awo oyamba. Amene anatenga malo anga ndinamuuza kuti manambalawa asawapembedze. Oilo akasintha, kapena njira ikasintha, ayesenso yekha, m'ngolo muli mchenga osati munthu.

Kalata ya chenjezo ija inakhalabe m'faelo yanga. Tsiku limene ndinkapuma ntchito Mayi Gondwe anaitulutsa n'kundifunsa ngati aing'ambe. Ndinati aisiye, chifukwa lamulo ndinakanadi. Anaseka mpaka misozi, n'kunena kuti pa antchito onse amene anawayang'anira, wamakani ngati ine sanamuone. Masiku ano ali kwawo kumpoto, ndipo pa Idi iliyonse amaimba foni kundifunira zabwino.

Amayi anu anayambanso kucheza nane madzulo a tsiku lomwe Zainabu anachira. Koma amalume anu zinatenga nthawi. Pa mwambo wometa mwana tsitsi anandiitana kudzera mwa amayi anu, ndinapita, tinadya mpunga m'mbale zosiyana, tinapatsana moni wa pakamwa basi. Sindinawaimbe mlandu. Munthu amene anakoka mwana wake mu mchenga ndi manja, akudziwa kuti tcheni chili m'bokosi la mlamu wake, ali ndi ufulu wokwiya. Chaka chinatha, chachiwiri chinayamba, tikukumana pa maliro ndi pa maukwati ngati anthu ongodziwana.

Lachisanu lina ndinachedwa ku mzikiti wa pa Dwangwa chifukwa cha ntchito. Ndinapeza mizere yadzaza, anthu ataima kale. Ndikuyang'anayang'ana poti ndilowe, ndinaona munthu wina mu mzere wachitatu akusuntha phewa n'kukankhira mnzake pang'ono kumbali. Anali a Bakali, atabwera kudzagula ulusi wa ukonde. Sanatembenuke kundiyang'ana, anangosiya mpata wokwana munthu mmodzi. Ndinalowa, phewa langa linakhudza lawo, ndipo tinaswali choncho mpaka kumapeto.

Titatuluka ndinasowa nsapato zanga pamene ndinazisiya. Ndikufunafuna, ndinamva mawu awo kumbuyo kwanga.

"Zili apo pansi pa mtengo, alamu. Munaziika padzuwa, zikanakuwotchani mapazi." Anadikira kuti ndivale, kenako anati, "Kamwana kaja kayamba kuyenda. Kakugwetsa chilichonse m'nyumba. Mubwere Lamlungu ndi achemwali, mudzakaone."

Tinapita. Ananditengera mpando iwo eni, ndipo pobwerera anatiperekeza mpaka pa msewu.